Mayi wa Mvano ndi mwana wawo wa ku Joni: lipoti la uphungu wa mu mpingo

Lipoti ili ndalembera abusa anzanga, akulu a mpingo ndi atsogoleri a amayi amene amayendera akhristu m'makomo. Eni nkhaniyi anandilola kuilemba bola ndisatchule dzina lawo, la mwana wawo, ngakhale la mpingo wathu, ndipo zina zing'onozing'ono ndazisintha kuti anansi asawazindikire. Ndaisankha chifukwa vuto lake ndi lobisika: munthu amene ankalephera kusiya zinthu m'manja mwa Mulungu anali yemweyo amene aliyense ankamudziwa kuti ndi wolimbika pa pemphero kuposa tonse.

Amene anabwera

Ndi mayi wamasiye wa zaka za m'ma 50, wa Mvano, wogulitsa kaunjika mumsika wina mu Blantyre. Amuna awo anamwalira mu 2019 ndi sitiroko. Ali ndi ana atatu, wamwamuna ndi mmodzi yekha, woyamba kubadwa. Mnyamatayu analemba MSCE, nkukhoza ndithu, koma ntchito osaipeza. Anayesako kabaza pa njinga yamoto ya eni ake, zosaoneka phindu. Mu 2022, kwacha itagwa ndi 25 peresenti mwezi wa Meyi, anakwera basi ya ku Joni, njira ija ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Amayi ake anawauza kutatsala tsiku limodzi, podziwa kuti akadawauza kale akadamuletsa.

Chaka choyamba zinkayenda. Anapeza maganyu, ankatumiza kangachepe pa Mukuru, Lamlungu lililonse ankaimba pa WhatsApp. Zinasintha mayiwa atamva kuti akukhala ndi mkazi wosadziwika kwa abale, popanda chinkhoswe, popanda ukwati woyera. Mafoni anachuluka, mawu anakula, ndipo chakumapeto kwa 2023 mnyamatayo anawabuloka.

Kwa ine sanabwere okha. Anabwera nawo amayi awiri a Mvano kumayambiriro kwa 2024, mayiwa atakomoka pamalo pawo pogulitsira. Kuchipatala anapeza kuti BP yakwera koopsa. Mankhwala anali atasiya kumwa, ndipo tsiku limenelo linali lachitatu akusala kudya osalawa ngakhale madzi.

Zomwe ndinapeza

Pempho lawo linali lomveka bwino. Anati, "Abusa, ndithandizeni kupemphera mwamphamvu. Mwina ineyo ndikuperewera penapake."

Nditawafunsa kuti sabata yawo imayenda bwanji, ndinamva izi. Lachisanu usiku kuphiri. Loweruka mapemphero a usiku wonse ku felosipi ya mneneri wina, amene anawauza kuti mwanayo anadyetsedwa kondaine ndipo pali maunyolo a kumtundu ofunika kudula. Kudulako kunkafuna "mbewu", ndiko kuti ndalama zopereka kwa mneneriyo, ndipo mbewu ikapanda kubala ankauzidwa kuti inali yochepa. Ndalama za belo zinapita kumeneko. Kenako anatenga ngongole ku banki m'khonde, kenako kwa wakatapila. Izi zinkachitika nthawi imene kwacha inali itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo la kaunjika litakwera mtengo moti ngakhale osapereka mbewu ankalira. Mauthenga a mneneri ankawajambula nkumatumizira mwanayo. Atabulokedwa anapeza mnyamata wina wa kumudzi kwawo amene alinso ku Joni, nkumamugulira mayunitsi kuti aziwauza komwe mwana wawo wapita, amene wayenda naye, zimene wagula. Usiku ankagona foni ili m'manja.

Ndisanapitirire ndinene ichi: mantha awo sanali opusa. Anthu a kuno akukumbukira zimene zinachitikira alendo ku South Africa mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019. Amadziwa za Lindela, kumene amasungirako ogwidwa opanda mapepala asanawabweze kwawo. Amaona maliro ochokera ku Joni akufika m'makomo mwa anansi. Mayi amene ali ndi mwana kumeneko ukamuuza kuti "musadandaule, Mulungu alipo" nkutsekera nkhani pompo, sunamuthandize. Wangomuuza kuti alibe chikhulupiriro, ndipo iye amakachionjezera kuphiri.

Chimene ndinkafuna kudziwa ndi chakuti pemphero lawolo linali la mtundu wanji. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, Mulungu atanena kuti mwanayu akhala ku Joni zaka khumi, ndipo mkazi ameneyo ndiye mpongozi wanu, mungapitirize kupemphera?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ndavutikiranji nthawi yonseyi?"

Yankho limenelo ndilo linanditsegulira nkhani yonse. Zotsatira anali atasankha kale: mwana abwere, mkazi achoke, zonse zibwerere mwakale. Kusala, phiri, mbewu ndi mafuta zinali njira zomukakamizira Mulungu kuti asaine zimene iwo alemba. Foni inali ya kumugwira mwana, pemphero linali la kumugwira Mulungu, ndipo dzanja logwira linali limodzi. Sindikunena izi mowanyoza. Ambirife timapemphera chomwechi, kungoti sitifika pokomoka.

Muzu wake unatulukira mochedwa, tikukamba za amuna awo. Tsiku limene anagwa, bamboyo anadandaula mutu m'mawa. Mayiwa anawapatsa panado nkupita kumsika, pobwera anawapeza ali pansi osayankhula. Kuyambira pamenepo anakhala ndi chigamulo mumtima chimene sanauzeko munthu: "Ndikangotembenuka, zinthu zimaonongeka." Munthu wotere ukamuuza kuti asiye zinthu m'manja mwa Mulungu amamva ngati ukuti apitenso kumsika. Mlangizi amene sanafike pamuzu uwu akhoza kuwerenga mavesi chaka chathunthu osasuntha kanthu.

Zomwe tinachita

Tinayambira pa thupi. Mumpingo mwathu muli namwino, ndipo mayiwa atavomera, iye ndiye anawaperekeza kuchipatala kukayambiranso mankhwala. Za kusala ndinawaletsa mosapsatira, ngati mbusa wawo, kufikira achipatala atanena kuti zili bwino. Anakana poyamba, akuti kumwa mankhwala uku ukupempha machiritso ndi kukayika. Tinawerenga Yesaya 38, pamene Mulungu walonjeza kale kumuonjezera Hezekiya zaka 15, koma mneneri yemweyo akulamula kuti amuike nkhuyu pachithupsa. Tinawerenganso 1 Mafumu 19: Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanayambe ndi ulaliki, anamupatsa mkate ndi madzi nkumulola agone.

Za ngongole tinaitana mchimwene wawo, amene ndi mwinimbumba, pamodzi ndi msungichuma wa banki m'khonde. Anagwirizana kuti ya katapila iyambe kutha, chifukwa chiwongoladzanja chake mukuchidziwa, ndipo ya kubanki aibweze pang'onopang'ono. Mbewu zinaimitsidwa. Ine si munthu wokonda kunyoza azitumiki a mipingo ina paguwa, koma apa ndinawawerengera Machitidwe 8, pamene Petro akudzudzula Simoni chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe ndi ndalama. Chiphunzitso cha mbewu chimagwira msanga anthu ngati mayiwa chifukwa chimawalonjeza chimene mtima wawo ukufuna kale, kuti pali chinachake chimene ukachichita bwino, Mulungu sangachitire mwina.

Mavesi odziwika aja, Miyambo 3:5-6 ndi 1 Petro 5:7, sindinayambe nawo dala. Ankawadziwa pamtima, limodzi linali pakhoma m'nyumba mwawo, ndipo ankawamva ngati lamulo linanso: khulupirira kwambiri, taya nkhawa mwamphamvu. Ndinasankha nkhani za amayi anzawo a m'Baibulo.

Rebeka anali ndi lonjezo la Mulungu lomwe, kuti mwana wake wamkulu adzatumikira wamng'ono. Koma ataona kuti zikuchedwa, anaphika ndiwo, nkumuveka Yakobo zikopa za mbuzi, nkunamiza mwamuna wake wosaona. Dalitso linapezeka, koma mwana anathawira ku Harani. Rebeka ankati ndi masiku owerengeka. Zinakhala zaka 20, ndipo Baibulo silinena kuti anamuonanso. Mayiwa atamva izi sanayankhe, anangopukusa mutu. Amake a Mose anamubisa miyezi itatu, ndipo atalephera kubisa analuka kabokosi ka gumbwa, nkukamata bwino ndi phula, nkusankha malo pakati pa bango, mlongo wake ataima chapatali kuyang'anira. Anachita zonse zimene manja angachite, kenako anachotsa manjawo. Koma amene anawafika pamtima ndi Hana. Anamusiya Samueli ku Silo ali wamng'ono, m'nyumba imene ana a Eli anali ndi mbiri yoipa, ndipo chaka ndi chaka ankamusokera kamwinjiro nkukamupatsa. Mayiwa, pokhala wogulitsa zovala, anafunsa funso limene ine sindinaliganizirepo: "Nanga saizi ankaidziwa bwanji, mwana akukula iye kulibe?" Anadziyankha okha kuti ankangoyerekeza, nkusoka chachikulupo.

Pa Luka 15 tinatsutsana. Iwo anati bambo wa mwana wolowerera uja analibe chikondi chokwanira, bwanji sanamulondole kudziko lakutalilo. Ndinawaonetsa kuti m'chaputala chomwecho mbusa amalondola nkhosa ndipo mayi amasesa nyumba kufuna ndalama, koma bambo salondola mwana, chifukwa mwana amene wakula kale si nkhosa kapena ndalama. Ali ndi mtima wake, ndipo ukamubweza pomukoka umabwera ndi thupi lokha. Chimene bamboyo anachita ndi kusunga khomo lotsegula, ndipo anamuona akadali kutali. Sanakhutire tsiku limenelo. Ndinawauzanso za Monica, mayi wa ku Africa kuno, m'dera limene lero ndi Algeria, amene analira kupempha Mulungu kuti mwana wake Augustine asapite ku Italy. Mwanayo anamuzemba pa doko la Carthage mu 383, ndipo ku Italy komweko, mumzinda wa Milan, ndi kumene anakumana ndi bishopu Ambrose nkubatizidwa mu 387. Ndinawachenjeza kuti nkhaniyi si chikole choti wawo adzatembenukira ku Joni. Imangoonetsa kuti mayi akhoza kupempha chinthu ndi misozi yeniyeni, chikhalirecho sakuona njira yonse.

Zochita za tsiku ndi tsiku zinali zazing'ono. M'kabuku kawo kolembamo malonda tinagawa tsamba pawiri, mbali ina zimene zili m'manja mwawo, ina zimene sizili. Poyamba ukwati wa mwana ndi chipulumutso chake anazilemba kumbali yawo, ndipo kuzisamutsa kunatenga milungu. Foni usiku inkagona kuchipinda cha mwana wawo wamkazi. Kazitape wa ku Joni uja anamuuza kuti asiye. Kumupempherera mwanayo sindinawaletse, ndinangoti kukhale m'mawa ndi madzulo, kwachidule, kumutchula dzina, kunena chimene akufuna mosabisa, nkumaliza monga anamalizira Ambuye m'Getsemane, kuti kufuna kwa Atate ndiko kuchitike. Anandiuza kuti pemphero lalifupilo linali lovuta kuposa usiku wathunthu kuphiri, ndipo ndikuwakhulupirira.

Chovutitsitsa chinali uthenga umodzi wopita kwa mwanayo kudzera pafoni ya mlongo wake, wopanda vesi, wopanda ulosi, wopanda funso. Unali wakuti: "Mwana wanga, ndinakulemetsa ndi mafoni. Pepa. Ndili bwino, ndikumwa mankhwala. Ukafuna kuyankhula ndilipo." Tinagwirizana kuti wachiwiri sautumiza kufikira iye atayankha.

Mayi wina wachikulire wa Mvano, amene ankawayendera pakati pa sabata, ndiye anapeza mawu oyenera. Anawauza kuti, "Anzanga, inu katundu mumatula ndithu kwa Yesu, koma nkhata mumabwerera nayo." Mayiwa anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi, ndipo kuyambira pamenepo akayambanso kuda nkhawa ankangonena okha kuti atolanso nkhata.

Panali ngozi inanso kumbali inayo, ndipo inachokera kwa achibale. Mchimwene wawo uja, atatopa nazo, anati, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Musiyeni, adzaona." Ena ankati zonse ndi Mulungu, kutanthauza kuti palibenso chochita. Mawu amenewa amafanana ndi kudalira Mulungu koma si amodzi. Mwambi uja uli ndi nzeru yake, koma mmene unanenedwera tsiku limenelo munali mkwiyo, munali kudikira kuti mwana agwe tidzamuseke. Kumupereka mwana kwa Mulungu si kumutaya. Ndinaumirira kuti khomo likhale lotsegula, ndipo dzina lake lisasiye kutchulidwa m'nyumbamo.

Pasipoti

Patapita pafupifupi miyezi iwiri mnyamatayo anayankha, mawu awiri atatu. Kenako anachotsa buloko. Kenako ananena chimene ankabisa: kuli mwana wakhanda. Mayiwa analira, kenako anapita pa mulu wawo wa kaunjika nkusankha tizovala.

Mu Seputembala 2024 banja linamanga chiliza cha malemu, ndipo mnyamatayo anabwera yekha. Apa ndi pamene zonse zinayesedwa. Achibale ena anapangana kuti pasipoti yake ibisidwe, ndipo mayiwa, pochapa zovala zake, anaipeza nkuiika musutikesi mwawo. Usiku womwewo anandiimbira. "Abusa, pasipoti ili ndi ine. Mulungu wandibweretsera mwana pakhomo, ndimusiye apitenso?"

Sindinawalamule. Ndinawafunsa kuti akadzazindikira amene anaitenga, foni yotsatira idzakhala liti, ndiponso khanda lija lidya chiyani bambo ake atatsekeredwa kuno. Ndinawakumbutsa Danieli 3, anyamata atatu aja akuuza mfumu kuti Mulungu wawo akhoza kuwalanditsa, koma ngakhale atapanda kutero, fano salipembedza. Ndinati chikhulupiriro chimene chimangolimba Mulungu akachita zimene tapempha sichinafike pa "ngakhale atapanda kutero". Tinapemphera pafoni mwachidule. M'mawa anamupatsa pasipotiyo m'manja, nkumuuza zoona kuti anaitenga ndi iwo.

Mnyamatayo anadzandiona asananyamuke. Anati, "Abusa, amayi sindinawadane nawo. Kungoti foni iliyonse inali ngati khoti." Ndinamuuza mbali yake mosanyengerera: kuti kukhala chete miyezi kunatsala pang'ono kuwapha amayi ake, kuti mkazi amene wamuberekera mwana ayenera kudziwika kwa ankhoswe, ndiponso za mapepala, poti Mmalawi amaloledwa masiku 30 okha popanda visa ndipo wopyola akhoza kuletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Anamva, sanalonjeze zambiri. Anakwera basi.

Momwe zilili

BP yatsika ndipo mankhwala akumwa. Ngongole ya katapila inatha, ya banki m'khonde yatsala pang'ono, belo ayambanso kuoda. Amagona, ngakhale kuti kukamveka za chipwirikiti ku South Africa tulo timathawa, ndipo ine sindiliona limenelo ngati tchimo. Kuphiri anapitakonso ndi anzawo. Sindinawaletse, poti vuto silinali phiri. Za tsiku lija amuna awo anagwa tsopano amatha kuzikamba osadziimba mlandu, makamaka namwino atawafotokozera kuti BP imaononga mitsempha mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo sitiroko simayamba chifukwa munthu wapita kumsika m'mawa umodzi.

Mwanayo sanasinthe monga ankafunira amayi ake. Akadali ku Joni, kutchalitchi sapita, ukwati sunamangidwe, ngakhale amalume ake ayamba kuyankhulana ndi akuchikazi pafoni. Amaimba kawiri kapena katatu pamwezi. Wofuna umboni woti "ndinasiya m'manja mwa Mulungu ndipo sabata yomweyo zonse zinatheka" saupeza muno, ndipo ndikupempha anzanga kuti tisamawalonjeze anthu zotero. Tikatero ndiye kuti kusiyako takusandutsa mbewu ina, njira yatsopano yomukakamizira Mulungu.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mmene ena mumpingo anazilandirira. Amayi angapo anayamba kunong'ona kuti mnzawoyo wazirala, poti sasalanso masiku atatu ndipo mapemphero ake afupika. Zinafika mpaka kwa akulu a mpingo. Ndinawafotokozera zimene eni ake anandilola kunena, nkuwakumbutsa Masalimo 127, kuti nkwachabe kulawirira m'mamawa ndi kugona mochedwa, pakuti Yehova amapatsa okondedwa ake tulo. Ena anamva, ena ayi. Zandichititsa kuganiza kuti maulaliki athu ambiri amayamikira khama looneka, ndipo munthu amene nkhawa yamuvala ngati changu timamupatsa udindo m'malo momufunsa ngati akugona. Tsopano ndikaona mkhristu amene kusala kwake kukuonjezekera pamene yankho likuchedwa, amene ngongole zake zikukula pamodzi ndi mapemphero, kapena amene abale ake ayamba kumuthawa, ndimayamba ndafunsa za mankhwala, za tulo ndi za maliro amene anamuchitikira.

Tikukumanabe mwezi ndi mwezi. Nkhani imene ili pakati pathu panopa ndi ubatizo wa mdzukulu. Mayiwa akufuna khandalo libwere lidzabatizidwe kuno, ndipo anali atayamba kale kufunsa mtengo wa basi ndi kusankha tsiku makolo ake asanafunsidwe. Ndawakumbutsa kuti pa ubatizo wa mwana amalonjeza ndi makolo, osati agogo. Tagwirizana kuti anene chokhumba chawo kamodzi, momveka, kwa mwana wawo ndi kwa mpongozi wawo yemwe, amene mpaka pano sanayankhulane naye pafoni. Nambala yake ali nayo, ndipo akuti aimba mwezi uno usanathe.